Amuna a Magalasi Akuda: Mbiri ya Achitetezo a Idi Amin

Dzina la Idi Amin likatchulidwa pagulu, ambiri amayamba ndi kuseka. Amakumbukira chimunthu chojintcha chodzaza mamendulo pachifuwa, chodzipatsa maudindo ataliatali, chotumiza makalata achipongwe kwa atsogoleri anzake. Kusekako ine kumandiwawa, chifukwa kumaphimba chinthu chachikulu. Munthu mmodzi, kaya akhale wankhanza chotani, sangaphe anthu ochuluka chonchija ndi manja ake awiri. Pa zaka 8 zimene Amin analamulira Uganda, kuyambira 1971 mpaka 1979, panali amuna ambirimbiri amene ankadzuka m'mawa, kusamba, kuvala, n'kupita kuntchito yogwira ndi kupha anzawo. Anali ndi maofesi, magalimoto, mafuta a boma ndi malipiro a pakutha pa mwezi. Panalinso malamulo olembedwa bwinobwino owateteza. Mbiri ya anthu amenewa siyambira pa Amin.

Iyambira mu 1891, pamene Frederick Lugard, msilikali wa ku Britain amene ankagwirira ntchito kampani ya Imperial British East Africa Company, anafika kufupi ndi nyanja ya Albert n'kulemba ntchito asilikali ochokera ku Sudan omwe anatsalira kumeneko atasiyidwa ndi mtsogoleri wawo Emin Pasha. Anali amuna odziwa mfuti koma opanda mudzi wawowawo m'dzikomo, motero moyo wawo wonse unkadalira amene akuwalipira. Lugard pamodzi ndi amene anabwera pambuyo pake anawagwiritsa ntchito pogonjetsa maufumu a m'deralo, makamaka Bunyoro wa mfumu Kabalega. Zidzukulu zawo ndizo zinadzatchedwa Anubi. Mu 1894 Uganda inalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo mu 1902 magulu a asilikali achikuda a kum'mawa ndi pakati pa Africa anaphatikizidwa kukhala King's African Rifles (KAR). Kwa ife a kuno dzinali si lachilendo, pakuti magulu awiri oyamba a KAR anali a ku Nyasaland, ndipo chipilala chokumbukira asilikali ake chikadalipo ku Zomba. Gulu la ku Uganda linali lachinayi.

Gulu lankhondo la atsamunda silinapangidwe kuti lizitumikira eni dziko. Kukakhala kulibe nkhondo yaikulu ya kunja, ntchito yake inali kuopseza okana msonkho, kulanda ng'ombe za midzi yosamvera ndi kutentha nyumba kuti ena atengerepo phunziro. Atsamunda anagawanso dzikolo pawiri. Kummwera, makamaka ku Buganda, kunali sukulu, thonje, khofi ndi ntchito za m'maofesi. Kumpoto, kwa anthu a mitundu ya Acholi ndi Langi komanso a ku West Nile, ndiko kunkatengedwa asilikali, apolisi ndi aganyu a m'minda. Dziko linafika pa ufulu ophunzira ali mbali ina, onyamula mfuti ali mbali ina, ndipo sankakhulupirirana.

Amin, wa mtundu wa Kakwa wa ku West Nile, analowa m'gulu lachinayi la KAR mu 1946 ngati wothandiza kuphika. Sukulu sanapite nayo patali, koma anali wamphamvu, womvera mabwana ake, ndiponso katswiri wa nkhonya amene anasunga lamba wa dziko lonse kwa zaka pafupifupi 10. Anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi a Mau Mau ku Kenya, kumene kufunsa munthu ndi ndodo kunali chizolowezi. Mu 1961 anakhala mmodzi mwa anthu akuda awiri oyamba ku Uganda kupatsidwa udindo wa lefutenanti. Chaka chotsatira, asilikali amene iye ankawatsogolera anatumidwa kukathetsa kuberana ng'ombe pakati pa anthu a mtundu wa Turkana kumpoto kwa Kenya, ndipo kumeneko anazunza ndi kupha anthu a m'midzi. Mitembo itafukulidwa, akuluakulu a ku Kenya anafuna kuti aimbidwe mlandu. Koma ufulu wa Uganda unali pafupi, ndipo bwanamkubwa Walter Coutts atakambirana ndi nduna yaikulu Milton Obote, nkhani inathera pongomudzudzula. Amin anaphunzirapo, ndipo asilikali ake anaonerera, kuti wovala yunifomu akhoza kupha munthu wamba mlandu n'kuthera pakamwa.

Uganda inalandira ufulu pa 9 Okutobala 1962. Mu Januwale 1964 asilikali a ku Jinja anagalukira, monga anachitira anzawo ku Tanganyika ndi ku Kenya masiku omwewo. Ankafuna malipiro okwera komanso kuti azungu achoke pa maudindo, ndipo anatsekera nduna Felix Onama mpaka itavomera zofuna zawo. Asilikali a ku Britain anaitanidwa m'maiko onse atatu, koma zotsatira zake zinasiyana. Ku Tanganyika, Julius Nyerere anathetsa gulu lonse lakale n'kuyamba lina latsopano. Obote anachotsa ena, anakweza malipiro a otsala, n'kukwezanso Amin pa udindo. Chaka chomwecho Obote anakhazikitsa General Service Unit, gulu la akazitape lotsogoleredwa ndi msuweni wake Akena Adoko, lomwe linkatchera khutu ku zimene anthu akunena m'maofesi, m'mabala ndi pa yunivesite ya Makerere.

Chaka cha 1966 ndicho chinaononga zinthu. Phungu Daudi Ocheng ananena m'Nyumba ya Malamulo kuti Amin, Obote ndi nduna zina anapindula ndi golide ndi minyanga ya njovu yochokera ku Congo. Poyankha, Obote anamanga nduna zake zisanu zili pamsonkhano, anaimika malamulo oyendetsera dziko, anachotsa Kabaka (mfumu ya Buganda) Edward Mutesa II pa upulezidenti n'kukhalapo yekha, ndipo anaika Amin kukhala mkulu wa asilikali. Pa 24 Meyi Amin anatsogolera asilikali kukathira nkhondo nyumba yachifumu ya Kabaka ku Mengo. Mutesa analumpha mpanda n'kuthawira ku London, kumene anamwalira mu 1969. Anthu ambiri a ku Buganda anaphedwa ndipo palibe msilikali amene anayankhapo mlandu. Kuyambira tsiku limenelo Obote anakhala pampando chifukwa cha mfuti, ndipo kusunga munthu m'ndende popanda kumuzenga mlandu kunasanduka chinthu chololedwa ndi lamulo.

Ubwenzi wa awiriwa sunakhalitse. Mu Disembala 1969 Obote anawomberedwa pakamwa potuluka pamsonkhano wa chipani chake, koma anapulumuka. Mwezi wotsatira Brigadiya Pierino Okoya, amene anadzudzula Amin poyera, anapezeka ataphedwa pamodzi ndi mkazi wake kunyumba kwawo kufupi ndi Gulu. Panalinso ndalama zambiri za asilikali zosadziwika komwe zinapita. Amin anaona kuti unyolo ukumuyandikira. Pa 25 Januwale 1971, Obote ali ku Singapore pamsonkhano wa maiko a Commonwealth, akasinja anazungulira Kampala ndi bwalo la ndege la Entebbe.

Masana a tsikulo msilikali wina anawerenga pa wailesi zifukwa 18 zimene asilikali analandira boma. Pakati pa zoyambirira panali kutsekera anthu popanda mlandu ndi kusowa kwa ufulu wolankhula, ndipo zimenezi zinali zoona. Anthu a ku Kampala anavina m'misewu. Amin anamasula akaidi a ndale, anathetsa General Service Unit, ndipo mu Epulo anabweretsa mtembo wa Mutesa kuti uikidwe mwaulemu pakati pa makolo ake. Boma la Britain linamuvomereza mwamsanga. Sindiwaweruza anthu amene anavina aja, chifukwa anali atatopadi. Koma pa nthawi yomwe iwo ankavina, m'makampu a asilikali magazi anali atayamba kale kukhetsedwa.

Oyamba kufa anali asilikali okhaokha. Maofesala ndi asilikali a mitundu ya Acholi ndi Langi ankaganiziridwa kuti ndi anthu a Obote. Brigadiya Suleiman Hussein, mmodzi mwa akuluakulu a gulu lankhondo, anagwidwa n'kumenyedwa mpaka kufa. Mu Julayi 1971 asilikali a mitundu iwiriyi anaphedwa mwaunyinji m'makampu a ku Mbarara, Jinja ndi Moroto. Ena mazanamazana anasamutsidwa kupita kundende ya Mutukula kumalire ndi Tanzania, kumene anaphedwa m'magulumagulu kumayambiriro kwa 1972. Anthu awiri a ku America, mtolankhani Nicholas Stroh ndi mphunzitsi wa pa Makerere Robert Siedle, anapita ku Mbarara kukafunsa za nkhaniyi ndipo sanabwerere. Jaji David Jeffreys Jones, amene anafufuza za imfa yawo, anayamba wathawa m'dzikomo asanatumize lipoti lake loloza chala asilikali. Anthu wamba ambiri kummwera ankati zimenezo n'za asilikali okhaokha, iwo sizikuwakhudza. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

M'malo mwa ophedwawo Amin analemba ntchito anyamata a kwawo ku West Nile, Anubi, ndi ena ochokera kummwera kwa Sudan ndi ku Zaire. Masajeni ndi madalaivala anadzuka ali akuluakulu a makampu. Monga asilikali a Lugard aja, ambiri a iwo analibe achibale pakati pa anthu amene ankawalamulira, ndipo chilichonse chimene anali nacho chinachokera kwa munthu mmodzi.

Pali mbali ina imene ambiri amailumpha pokamba mbiriyi, ndiyo ya malamulo. Nyumba ya Malamulo itatsekedwa, dziko linkayendetsedwa ndi zilengezo zosainidwa ndi Amin, zolembedwa ndi maloya ophunzira bwino. Mu 1971 chilengezo china chinapatsa msilikali aliyense mphamvu yomanga munthu wamba, ntchito imene kale inali ya apolisi. China chinalola kusunga munthu popanda mlandu. Mu 1972 kunatuluka chilengezo choletsa makhoti kupereka chigamulo chotsutsa boma pa chilichonse chimene achitetezo achita m'dzina losungitsa bata, ndipo chinaphimbanso zimene zinachitika kale kuyambira tsiku lolanda boma. Mu 1973 makhoti a asilikali analoledwa kuweruza anthu wamba. Aliyense amene anatsatira zilengezozi akanatha kuona komwe zikulowera: mkazi amene mwamuna wake watengedwa analibenso khomo lililonse la boma loti akagogode n'kufunsa kuti munthu wanga ali kuti.

Ntchito yogwira anthu inagawidwa m'magulu atatu. Apolisi a asilikali anali ku Makindye, ndipo kwa nthawi yaitali ankatsogoleredwa ndi Hussein Marella. Kumeneko kunali chitokosi chotchedwa Singapore, ndipo wolowa m'menemo ankadziwa kuti satulukamo wamoyo. Gulu lachiwiri linali Public Safety Unit ku Naguru, lotsogoleredwa ndi Ali Towelli ndipo kenaka Kassim Obura. Linakhazikitsidwa kuti lithane ndi mbava za mfuti zomwe ku Uganda amazitcha kondo, ndipo poyamba anthu analilandira bwino, pakuti umbava unalidi utafika poipa. Koma gulu lopatsidwa chilolezo chowombera aliyense woganiziridwa kuti ndi mbava silichedwa kutcha mbava aliyense amene likumufuna. Opulumuka ku Naguru ndi ku Makindye anafotokoza za akaidi ofoletsedwa pamzere n'kukakamizidwa kuphana okhaokha ndi hamala, wina kuphwanya mutu wa mnzake kenaka iye n'kuphwanyidwa ndi wotsatira.

Gulu lachitatu, loopsa kuposa onse, linali State Research Bureau, lomwe linalowa m'malo mwa akazitape a Obote. Likulu lake linali nyumba yosanja pa phiri la Nakasero, pakati penipeni pa Kampala, moyandikana ndi nyumba ya pulezidenti. Pamwamba panali maofesi ndi mafayilo, pansi pa nthaka panali zitokosi zamdima momwe anthu ankapanikizana pamodzi ndi mitembo. Pa zaka zomaliza mkulu wake anali Farouk Minawa. Anyamata ake ankadziwika patali: magalasi akuda, malaya a maluwamaluwa, mathalauza otambalala kumapazi, ndi magalimoto atsopano. Sankabisala. Ankafika masana dzuwa likuswa mtengo, muofesi, mulesitilanti, m'kalasi kapena m'chipatala, n'kuitana munthu ndi dzina. Nthawi zambiri ankamuvula nsapato, kumukankhira m'buti ya galimoto n'kutseka, anthu akuona. Kusabisalako kunali mbali ya ntchito yawo, pakuti aliyense woonerera ankapita kunyumba atagwidwa mantha n'kukauza ena.

Achibale akapita kupolisi ankauzidwa kuti munthuyo sakudziwika. Wailesi ya boma inkalengeza kuti wakutiwakuti wasowa, mwina wathawira ku Tanzania kwa Obote. Mitembo inkatayidwa m'nkhalango za Namanve ndi Mabira, kapena mumtsinje wa Nile, ndipo ina inkakodwa pa damu la magetsi la Owen Falls ku Jinja. Panabadwa ntchito yatsopano ya anthu olondolera achibale komwe kwatayidwa mtembo, ndipo ankalipiritsa. Mtengo unkakwera malinga ndi udindo wa womwalirayo. Mayi ankagulitsa mbuzi kapena njinga kuti angopeza thupi la mwana wake akaliike kumudzi.

Mu Ogasiti 1972 Amin analamula kuti Amwenye atuluke m'dzikomo pasanathe masiku 90. Anthu pafupifupi 50,000 kapena kupitirira anachoka, ndipo ambiri anavulidwa ndalama, mawotchi ndi ndolo pa malodibuloko a panjira ya ku Entebbe. Mabizinesi ndi minda yopitirira 5,000 inagawidwa, yambiri kwa asilikali ndi anzawo. Olemera mwadzidzidziwa anatchedwa mafuta mingi m'Chiswahili. Kugawa kumeneku kunasintha khalidwe la achitetezo. Anaona kuti nyumba, sitolo kapena galimoto zimapezeka pochotsa mwini wake. Masitolo aja atauma, sopo, shuga ndi mchere zitasowa, njala ya katundu inatembenukira kwa anthu akuda anzawo. Munthu ankatha kugwidwa chifukwa cha galimoto yake yabwino, chifukwa cha mkazi wake amene msilikali wamusirira, kapena chifukwa mnzake amene anakangana naye pa malire a munda wakamunenera ku Nakasero. Ichi n'chifukwa chake n'kulakwa kuloza mtundu umodzi wokha pa zimene zinachitika. Opereka maina anali a mitundu yonse, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa cha dyera.

Mu Seputembala 1972 otsatira Obote anayesa kulowa m'dzikomo ndi nkhondo kuchokera ku Tanzania, koma analephera pa masiku ochepa. Zitatero nkhanza zinagwera anthu wamba otchuka. Wamkulu wa majaji onse anali Benedicto Kiwanuka, amene anali nduna yaikulu yoyamba ya Uganda. Obote anamutsekera mu 1969, Amin anamumasula n'kumupatsa udindowo. Kiwanuka anaugwira udindowo moona mtima, ndipo analamula kuti mzungu wina wabizinesi, Daniel Stewart, amene asilikali ankamusunga popanda chifukwa, amasulidwe. Pa 21 Seputembala 1972 amuna a mfuti analowa muofesi yake ku khoti lalikulu ku Kampala n'kumutulutsa, antchito anzake akuona. Sanaonekenso, ndipo mtembo wake sunaperekedwe kwa abale ake. Jaji aliyense m'dzikomo anamva uthengawo. Ngati wamkulu wa majaji atha kutengedwa pampando wake, ndani wina akanalimba mtima kulamula msilikali kuti abweretse mkaidi kukhoti?

Masabata omwewo anatengedwa Frank Kalimuzo, mkulu wa yunivesite ya Makerere, ndi Joseph Mubiru, amene anali gavanala wa banki yaikulu ya dzikolo. Francis Walugembe, yemwe anali meya wa Masaka, anaphedwa mwankhanza m'tauni yake yomwe. Mu Januwale 1973 wansembe Clement Kiggundu, mkonzi wa nyuzipepala ya Akatolika ya Munno, anapezeka atafa m'galimoto yake yotenthedwa. Mwezi wotsatira amuna 12 anawomberedwa poyera, aliyense kudera la kwawo, abale awo atasonkhanitsidwa kuti aonerere. Mu 1974 mtembo wa Michael Ondoga, yemwe anali atangochotsedwa pa unduna woona za maiko akunja, unapezeka mu Nile.

Chaka chomwecho cha 1974, pofuna kuziziritsa madandaulo a maiko akunja, Amin anakhazikitsa komiti yofufuza za anthu osowa, yotsogoleredwa ndi jaji Mohamed Saied. Chodabwitsa n'chakuti anthu anabweradi. Mboni 545 zinaima pamaso pa komitiyo, zambiri mwa izo amayi amasiye, ndipo zinatchula masiku, malo ndi manambala a magalimoto, pamene anthu amene ankawanenawo anali kuyendayenda panja. Komitiyo inalemba nkhani za anthu 308 osowa, ndipo inanena kuti State Research Bureau ndi Public Safety Unit zinali ndi mlandu. Amin sanalitulutse lipotilo kwa anthu, zimene linalangiza sizinatsatidwe, ndipo jajiyo anachotsedwa ntchito. Ndikaganiza za amayi amenewa, amene analankhula akudziwa kuti palibe wowateteza akatuluka pakhomo, ndimaona kuti ndi iwo amene ayenera kukumbukiridwa kuposa mamendulo a Amin.

Maiko akunja ankadziwa. Bungwe la International Commission of Jurists linatulutsa lipoti lofotokoza zonsezi mu 1974. Komabe mu Julayi 1975 atsogoleri a Africa anasonkhana ku Kampala n'kumupatsa Amin upampando wa bungwe la OAU. Nyerere wa Tanzania, Kenneth Kaunda wa Zambia ndi Seretse Khama wa Botswana anakana kupitako, ndipo boma la Tanzania linanena poyera kuti Africa singamadzudzule nkhanza za azungu a kummwera n'kumakhala chete mtsogoleri wakuda akamapha anthu ake. Ena onse anabisala kuseri kwa mfundo yosalowerera nkhani za dziko lina. Maiko a azungu nawo anapitiriza kugula khofi wa Uganda, amene ndalama zake zinkalipira asilikali, ndipo ndege zinkapita ku bwalo la Stansted ku Britain kukatenga mowa, mawailesi ndi zovala zogawira maofesala. Soviet Union ndi Libya zinkapereka zida.

Mu Julayi 1976 asilikali a Israel anapulumutsa anthu ogwidwa m'ndege pa bwalo la Entebbe. Gogo wina wa zaka zopitirira 70, Dora Bloch, anali atatsalira m'chipatala cha Mulago. Amuna a State Research Bureau anamukoka pabedi, odwala ndi anamwino akumva kulira kwake, n'kukamupha. Wojambula zithunzi Jimmy Parma, amene anajambula mtembo wake, anaphedwanso. Britain inadula ubale ndi Uganda chifukwa cha imfa ya mayiyu, patatha zaka zisanu anthu a ku Uganda akuphedwa mwa njira yomweyo. Chaka chomwecho Theresa Nanziri Bukenya, woyang'anira nyumba yogona atsikana pa Makerere, anaphedwa ali woyembekezera pa nthawi imene ankayenera kuchitira umboni za mtsikana wa ku Kenya amene anasowa.

Pamene makhoti, nyuzipepala ndi yunivesite zinali zitatsekedwa pakamwa, panatsala mipingo. Akibishopu wa Angilikani Janani Luwum, wa mtundu wa Acholi, ankapita yekha ku maofesi a achitetezo kukafunsa za anthu otengedwa. Usiku wa pa 5 Febuluwale 1977 asilikali anathyola nyumba yake ponena kuti akufuna zida. Patapita masiku ochepa iye ndi mabishopu anzake analembera Amin kalata yonena mosabisa kuti mfuti imene inayenera kuteteza anthu yatembenukira anthu omwewo. Pa 16 Febuluwale atsogoleri a mipingo anaitanidwa pabwalo la hotela ya Nile Mansions, pomwe panayalidwa zida ndipo asilikali ambirimbiri ankafuula kuti oukira aphedwe. Luwum anapatulidwa pamodzi ndi nduna ziwiri, Erinayo Oryema, amene kale anali mkulu wa apolisi, ndi Charles Oboth Ofumbi, nduna yoona za m'dziko. M'mawa mwake wailesi inalengeza kuti atatuwo amwalira pangozi ya galimoto. Henry Kyemba, nduna ya zaumoyo imene inathawa chaka chomwecho, anaulula kuti mitemboyo inali ndi mabala a zipolopolo. Thupi la Luwum linatumizidwa ndi asilikali kumudzi kwawo ku Mucwini. Mmalawi aliyense amene akukumbukira nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene tinauzidwa kuti anafa pangozi ya galimoto ku Mwanza mu 1983 akudziwa kulemera kwa chilengezo chotere.

Imfa ya Oryema ndi Oboth Ofumbi ikuonetsa kumene zinthu zinafika. Awa anali anthu a m'kati, amene anatumikira bomalo kwa zaka 6. Magulu a achitetezo ankazondana okhaokha, maofesala ankanenerana, ndipo amene anamanga anzake dzulo ankapezeka m'chitokosi chomwecho lero. Chiwerengero cha onse amene anafa chimanenedwa mosiyanasiyana chifukwa opha sankalemba onse. International Commission of Jurists inati sichichepera 80,000 ndipo mwina chikufika 300,000, pamene ena amatchula 500,000.

Gulu lankhondo lozolowera kumenya anthu opanda zida linalephera pamene linakumana ndi asilikali enieni. Mu Okutobala 1978 asilikali a Amin analowa m'dera la Kagera ku Tanzania, n'kupha anthu ndi kufunkha katundu. Nyerere anasonkhanitsa gulu lake, lija analimanga mwatsopano mu 1964, pamodzi ndi Auganda othawa kwawo, ndipo Mozambique inatumizako asilikali ake. Gaddafi anatumiza asilikali a Libya kudzathandiza Amin koma sizinaphule kanthu. Kampala inagwa pa 11 Epulo 1979. Anthu atalowa m'nyumba ya ku Nakasero anapeza mitembo m'zitokosi zapansi, akaidi ochepa amoyo ali mafupa okhaokha, ndi milu ya mapepala: maina, zithunzi, malipoti a akazitape, makalata a anthu onenera anzawo. Ambiri mwa mapepalawo anamwazika ndi kutayika m'masiku ofunkha amene anatsatira, ndipo umboni wambiri unapita nawo.

Amin anathawira ku Libya, kenaka ku Saudi Arabia, kumene anakhala mwamtendere mpaka anamwalira ku Jeddah pa 16 Ogasiti 2003 osaimapo m'khoti. Farouk Minawa anathawa. Mwa akuluakulu a achitetezo, ozengedwa milandu anali owerengeka. Kassim Obura anapezeka wolakwa pa kupha munthu ndipo ananyongedwa mu 1989. Winanso, Abdallah Nasur, anaweruzidwa kuti aphedwe chifukwa cha imfa ya Walugembe, koma anakhululukidwa mu 2001. Anthu wamba a ku West Nile, amene ambiri a iwo sanapindule kanthu ndi ulamulirowo, ndiwo analipira, pakuti asilikali atsopano anawabwezera ndipo ambirimbiri anathawira ku Sudan ndi ku Zaire.

Obote anabwerera pampando pa chisankho chokanganiridwa cha mu Disembala 1980, n'kukhazikitsa gulu lina la akazitape lotchedwa National Security Agency. Makindye ndi Nile Mansions zinayambanso kulandira akaidi, ndipo m'dera la Luwero anthu wamba anaphedwa mwaunyinji pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za Yoweri Museveni. Asilikali anamuchotsanso Obote mu Julayi 1985, ndipo anakakhala ku Lusaka zaka zake zotsala. Museveni atatenga boma mu 1986 anakhazikitsa komiti ina, yotsogoleredwa ndi jaji Arthur Oder, kuti ifufuze nkhanza zonse kuyambira 1962. Komitiyo inkaima kawirikawiri chifukwa chosowa ndalama, ndipo inamaliza ntchito yake mu 1994. Lipoti lake silinafalitsidwe mokwanira, ndipo mabanja ambiri amene anakapereka umboni sanalione.